Nkhalamba ya m'Mahedifoni

Lizulu, Ntcheu
2 Ogasiti 2011

Mlongo wanga Abedi,

Ndikhulupirira uli moyo, ngakhale kuti iwe umadziwika kuti ulipo pokhapokha ukafuna ufa ndi nyemba za kwanu. Kuno tilipo. Ana ali ndi chimfine cha mphepo yomweyi, kachewere wachita bwino, ndipo alamu ako a Elia akupereka moni.

Kalatayi ndapatsira a Majidu, aja amanyamula katundu pakati pa kuno ndi Joni. Nkhani yake ndi yakuti ukonze pogona. Mayi akwera basi sabata yamawa, ukawachingamire ku Park Station.

Ukudziwa kuti chiyambire tisanabadwe, nyimbo za kwaya ya amayi kutchalitchi kwathu amayambitsa ndi mayi, enawo n'kumavomera. Tsono pokonzekera Pasaka, Cynthia, mkazi wa mphunzitsi watsopano, anaimitsa nyimbo pakatikati n'kunena pamaso pa gulu lonse kuti, "Amayi a Nangozo, mawu anu akutikokera pansi." Amayi enawo anangoti maso pa zala za kumapazi. Lamulungu lotsatira nyimbo anayambitsa ndi Cynthia, ndipo mpaka lero ndi iye.

Mayi sanamupatsenso moni. Popita kumsika amazungulira njira ya kuchigayo kuti asadutse pakhomo pa aphunzitsi, ndipo tomato wa aliyense amene anavomera nyimbo ya Cynthia tsiku limenelo sagula. Tikudya ndiwo zopanda tomato pa Lizulu penipeni, tangoganiza.

Apa ndiye palowa iwe ndi pakamwa pako. Pa Khirisimasi unadzitama pafoni kuti watsegula situdiyo. Mayi anasunga mawu amenewo. Akuti abwera adzajambule chimbale cha nyimbo zawo, adzachiike pa masipika a tchalitchi, mpingo wonse umve kuti wokokera anzake pansi ndani. Ndayesa kuwauza za kutalika kwa ulendo ndi kutupa kwa miyendo, sizinamveke. Paja amati mwana akalirira nyanga ya msatsi msemere, imufotere yekha, koma sanatiuze kuti wolirayo akakhala mayi wako uzitani.

Situdiyo yakoyo ine sindinaione, koma mwini wake ndimamudziwa. Ndiwe yemwe uja unamasula wailesi ya malemu bambo kuti uikonze, mpaka lero imayankhula ikamenyedwa khofi. Ndiye sindikuyembekezera zambiri. Ungowasamala, uwadyetse, usawasiye okha pamsewu.

Ndine mlongo wako,
Rozina


Bertrams, Joni
14 Ogasiti 2011

Rozina mwana wanga,

Ndafika. Miyendo inatupa monga unalosera, usanyade nazo. Adzukulu anga uwapatse moni, ndipo nkhuku yanga yofungatira ija asaisokoneze.

Joni amene anyamata amamutchula ngati kumwamba ndamuona. Mlongo wako amakhala m'nyumba yakale ya azungu, koma muli mabanja osawerengeka, ena anagawana khonde ndi makatani. Eni nyumba ndi gogo wina dzina lake Fikile. Akuti bambo ake anali a ku Dedza, anabwera kumigodi osabwereranso, koma iye Chichewa chimene amadziwa ndi "zikomo" basi, ndipo amachinena ngati chikumuwotcha lilime.

Situdiyo ija ndi wadiropu. Ndikunena wadiropu ya zovala, Rozina. Anachotsamo malaya, n'kukhomamo mabulangete, n'kuimikamo maiki. Pa tebulo pali laputopu ndi kabokosi kakuda kokhala ngati sopo wochapira, ndipo mawaya ali mbwee pansi ponse. Masana iye amakasoka mipando ku Jeppe, akaweruka ndiye amandilowetsa m'wadiropumo n'kundiveka mahedifoni. Ndinapirira, poti ndinabwerera ntchito.

Tsono imva zimene anandichita. Ndangoyambitsa nyimbo ya chopereka ija, ndisanamalize mzere, m'makutumu mwalowa munthu wina. Nkhalamba. Ikuimba mawu anga omwewo, koma pambuyo panga, ngati mwana wotsatira amake kumunda. Poyamba ndinayesa kuti ikuvomera, ndiye ndinaima kuti imalize, poti ndiwo mwambo wa nyimbo. Nayonso inaima. Ndayamba, yayamba. Ndatsika, yatsika. Wovomera wanji wosadziwa kuti mzere wa woyambitsa ndi wina, wa ovomera ndi wina?

Bola ikanakhala yodziwa kuimba. Mawu ake ndi osasa, onjenjemera, pokwera amathera panjira, ndipo mpweya umaithera ngati yasenza nkhuni pachitunda. Munthu wotere kwathu timamupatsa ntchito yosesa m'tchalitchi. Ndinachita chisoni kuti ilibe abale oiuza kuti ipume, kenako chisonicho chinatha, ndinapsa mtima.

Ndinavula mahedifoni n'kufunsa kuti, "Iwe Abedi, wandiikira ndani m'makutu?" Iye osachotsa maso pa laputopu akuti, "Palibe, mayi, ndi mawu anu omwe, makinawa akungowabweza mochedwa." Ndinamuuza kuti mwano umenewo azikachitira anzake a ku Jeppe. Mawu anga ndakhala nawo iye asanabadwe, lero ndiwasowe?

Ine ndikudziwa mwini wake. Gogo Fikile uja amang'ung'udza tinyimbo pakhonde tsiku lonse, ndipo pakhoma pali bowo pamene waya wa magetsi amadutsa kupita kuchipinda kwake. Sindinaphunzire za makina, koma sindine mwana. Akufuna alowe nawo pa chimbale changa mwaulere. A Cynthia ali paliponse, ena amangosintha chiyankhulo.

Kumeneko aliyense akakufunsa uziti ntchito ikuyenda bwino.

Ndine mayi ako,
Consolata Nangozo


Bertrams
14 Ogasiti 2011

Achemwali,

Moni nonse kumeneko. Za ulendo mwawerenga kale m'kalata ya mayi, sindibwereza. Nkhani ya wailesi ya bambo ndaimvanso. Ikadzakalamba mudzandiuze, tidzaiike m'manda.

Za nkhalamba musazitengere. Kulibe nkhalamba. Mawu amalowa pa maiki, n'kudutsa m'kabokosi kaja, timakatcha saundikhadi, n'kulowa mu laputopu, kenako n'kubwerera ku mahedifoni. Ulendo umenewo ukatalika, woimba amadzimva mochedwa. Ndawafotokozera, anditcha wamwano, ndiye ndangosiya.

Vuto lenileni ndi bafa. Ndikachepetsa bafa, kuchedwa kumatha, mara mawu amadukaduka n'kumathetheka ngati chimanga chokazinga. Ndikakulitsa bafa, kuthetheka kumatha, mara mawu amachedwa, mayi n'kuyambanso kukangana ndi nkhalamba yawo. Chifikireni mayi tangokhalira bafa yomweyi. Zonse zimene tajambula n'zodukaduka, ndipo sindinawaikire kuti amve ngakhale kamodzi. Ndikuchita manyazi, ndisaname. Anyamata a rapu amene ndimawajambula kuno sadandaula, amati kuthethekako ndi sitayilo, koma nyimbo ya Mulungu singathetheke.

China chikundivuta ndi agogo a Fikile. Mayi asiya kuwayankha moni, ndipo dzulo anatseka bowo la waya ndi sanza. Agogowo anandiimitsa pakhonde n'kundifunsa kuti, "Umama wakho ungizondelani?" kutanthauza kuti mayi akuwadera chiyani. Ndinati ndi kutopa kwa ulendo. Chipinda chino ndinachipeza movutikira, achemwali, muwalembere mayi aziyankha moni.

Foni ndikumaizimitsa. Ikakhala yoyaka imalowetsa kaphokoso ka "dididi" m'zojambula, komanso ikangolira mayi amailanda kuti amve za nkhuku yawo. Mukandifuna lembani, a Majidu kapena anyamata a basi abweretsa.

Masiku a pa pasipoti ya mayi akutha sabata yachiwiri ya Seputembala. Chimbale chituluka asanakwere basi, muona.

Mlongo wanu,
Abednego


Lizulu
20 Ogasiti 2011

Abedi,

Moni ndikupatsa chifukwa ndinaleredwa bwino. Makalata onse awiri afika.

Wati chiyani? Mayi athu, munthu amene ansembe akamuona amaimirira, iwe ukumuimbitsa m'bafa? M'nyumba ya mabanja onse aja, anthu ali pamzere panja ndi matawulo, mkatimo a Nangozo akuimba nyimbo ya chopereka? Mayi alemba kuti ndi wadiropu, iwe ukuti bafa. Kaya wanama ndani, kaya wadiropuyo ili m'bafa momwemo, kwa iwe zonse n'zotheka.

Komanso unayamba liti zomangamanga? Lero wachepetsa bafa, mawa walikulitsa. Agogo a Fikile akudziwa kuti ukuwagumulira khoma? Ukudabwa kuti mawu akudukaduka, nanga m'bafa momwe anthu amagogoda chitseko mphindi iliyonse mawu angatuluke athunthu? Ndinawerengera alamu ako, anaseka mpaka kutsamwa tiyi. Akuti ukamaliza kumeneko ubwere udzakulitse lathu, mwina nafenso tingayambe kuimba.

Tamvera Abedi, usadzivute. Ngati zakanika, zakanika, si iwe woyamba kulephera ndipo kwa iwe si koyamba. Uwauze mayi kuti makina a ku Joni sagwirizana ndi nyimbo za kwathu. Akukhulupirira msanga, poti chilichonse cha kumeneko achinyoza kale. Uwaonetse tauni, uwagulire nsapato zofewa za kutchalitchi, uwakweze basi. Abwere ndi nkhani yoti makina anakanika, imeneyo tidzaisenza tonse mosavuta.

Za moni wa agogo a Fikile ndawalembera pakapepala kena. Nkhuku yawo yaswa, uwauze.

Rozina


Bertrams
27 Ogasiti 2011

Achemwali,

Moni. Alamu muwauze amwe tiyi wawo mosamala.

Bafa imene ndimanena si yosambiramo. Ndi mawu a Chingerezi a pa makinawa, amangomveka ngati bafa lathu. Ndi muyezo wa mawu amene laputopu imatunga nthawi imodzi. Tinene kuti mukutunga madzi. Ndi kapu, madzi amafika msanga koma mumathamanga maulendo ambiri, mukapunthwa pang'ono atayika. Ndi ndowa, satayika, koma wofuna kumwa adikire idzaze. Ndi zomwezo basi. Khoma la agogo lili bwinobwino.

Koma zikomo chifukwa cha kalata yanu. Mawu aja akuti "kwa iwe si koyamba" ndinawawerenga kangapo, kenako ndinapempha tchuthi ku Jeppe n'kukhala pansi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Choyamba ndinapeza kuti saundikhadi, kamodemu ka intaneti ndi chaja ya foni zonse ndinazilumikiza pa kachipangizo kamodzi, zimalimbirana khomo limodzi lolowera mu laputopu. Ndazisiyanitsa, kabokosi kali ndi khomo lakelake. Chachiwiri ndi Zweli, mnzanga wa chipinda choyandikana, amene timagawana soketi. Akafuna kuwiritsa ketulo amazula pulagi yanga osanena. Laputopu ikatsala pa batire imayamba ulesi kuti isunge moto, pamenepo ndiye mawu amaduka. Ndamugulira adaputa, tagwirizana. Chachitatu ndi dilaiva, osati wa basi, musayambenso, koma kapulogalamu koyendetsa kabokosika. Ndinali ndi ka wamba, tsopano ndaika ka eni ake amene anapanga kabokosi. Kuthetheka kwatheratu, ngakhale pa bafa yaing'ono.

Chomaliza ndiye chinandiseketsa. Kabokosika ndinakagula kakale, kopanda buku. Kumbuyo kwake kuli kabatani kamene ndinkayesa n'kokongoletsa. Ukakadina, mawu a pa maiki amapita ku mahedifoni mwachindunji, osazungulira mu laputopu. Kuchedwa kulibe ngakhale pang'ono.

Lachinayi mayi analowa m'wadiropu, anaimba mzere umodzi, n'kusuzumira kunja akumwetulira. Akuti sanza yawo ija yagwira ntchito. Chiyambire tsiku limenelo akuimba osafuna kutuluka, ndipo ayamba kuwayankha moni agogo a Fikile, moni wa munthu wopambana mlandu. Sindinawaonepo osangalala chonchi chimwalirire bambo.

Sindinawaikirebe zojambulazo. Ndikufuna adzamve zonse zitatha, pa masipika akuluakulu amene ndabwereka. Lamulungu pa 4 Seputembala, tikachoka kutchalitchi, ndaitana a m'nyumba muno ndi a kwathu angapo a ku Jeppe kuti tidzamvere limodzi. Inu mudzamvera kumeneko pamodzi ndi Cynthia wanuyo.

Uja wa wailesi,
Abednego


Lizulu
1 Seputembala 2011

Abedi,

Kalata yako yafika lero. Ndaimba foni yako kuyambira m'mawa, ndi yozimitsa. Ya Zweli wakoyo sindiidziwa. A Majidu ali pamzere wa dizilo ku Ntcheu boma, akuti mafuta akapezeka anyamuka, ndiye sindikudziwa kuti izi zikupeza liti.

Usawaikire mayi zojambulazo. Pamaso pa anthu ayi, ali okha ayi.

Iwe unachoka kuno mawu a mayi adakali mawu. Chidwalireni chifuwa chija cha dzinja la chaka chatha, mawuwo anatha. Cynthia ndi wopanda ulemu, amayankhula ngati akudula kabichi, koma sananame. Amayi a kwaya ankachita kuvomera msanga ndi mokweza, mayi asanamalize mzere, kuti awaphimbe. Ankapangana okha kuseri kwa tchalitchi. Ine ndinkadziwa, ansembe ankadziwa, ngakhale ana a Sande ankadziwa. Osadziwa anali mayi okha, poti munthu akamaimba amamva mawu a m'mutu mwake, ndipo a m'mutu mwa mayi akadali a kale aja.

Nkhalamba imene anaifotokoza m'kalata yawo ija, yosasa, yothera panjira, ndi imene timaimva ife Lamulungu lililonse. Nditawerenga ndinalowa kuchipinda kukalira, kenako ndinathokoza Mulungu kuti mayi anaikankhira kwa agogo a Fikile.

Ukuganiza kuti ndinawalola bwanji kukwera basi? Ndinali ndi chikhulupiriro mwa iwe, Abedi, chikhulupiriro chonse choti ulephera. Moyo wako wonse sunakonzepo kanthu n'kutheka. Unasankhiranji chimenechi? Ndipo iweyo makutu ulibe? Wakhala nawo m'chipinda chimodzi sabata zonsezi, sunamve?

Dinanso kabatani kako. Zula waya, itana Zweli awiritse ketulo, unene kuti laputopu yapsa. Bodza lililonse ndidzakuthandiza kulisenza. Abwere kuno akunyoza Joni ndi makina ake, akhale ndi mkwiyo wawo pa Cynthia mpaka kumanda. Mkwiyowo ndi umene ukuwadzutsa m'mawa.

Chonde, mlongo wanga.

Rozina


Bertrams
6 Seputembala 2011

Achemwali,

Kalata yanu a Majidu andipatsa lero Lachiwiri.

Lamulungu anthu anabwera. Chipinda chinadzaza, ena anaima pakhonde. Mayi anavala chitenje cha kwaya n'kukhala pampando pakati. Agogo a Fikile mayi anachita kuwaitana okha, akuti adzamve mmene nyimbo imamvekera popanda akuba.

Ndinayatsa. Mwandifunsa ngati ndili ndi makutu. Ndili nawo, koma sabata zonsezi amasaka kuthetheka basi, ndipo kuthetheka kunalibe. Mawu anatuluka oyera, opanda chodukiza, mpweya uliwonse ukumveka. Ine ndinali wonyada mpaka pamene ndinayang'ana mayi.

Anali atatembenukira kwa agogo a Fikile. Agogowo anali pabenchi, pakamwa potseka, manja pamiyendo. Mayi anayang'ana bowo la pakhoma, sanza ili pomwepo. Kenako anandiyang'ana ine, ndipo ndinaona kuti akukonzeka kundikalipira kuti ndaika tepi yolakwika.

Pamenepo vesi loyamba linatha. Ndinali nditaiwala kudula zoyankhula za pakati. Mawu omwe aja, osasa aja, anatsokomola n'kunena pa masipika kuti, "Iwe Abedi, waona? Nkhalamba ija yathawa." Zweli anaseka, poti Chichewa amamva pang'ono, kenako anaona kuti akuseka yekha.

Ndinafuna kuzimitsa, mayi anakweza dzanja kuti ndisiye. Anamvera nyimbo zonse mpaka kumapeto, msana uli chilili. Zitatha anthu anawomba m'manja, agogo a Fikile n'kunena kuti, "Uyacula, mama," kuti amaimba ndithu. Mayi anayankha kuti zikomo, n'kupita kukatsuka makapu a alendo.

Chiyambire pamenepo sanakalipire munthu, ngakhale Zweli. Ine ndikuopa zimenezo kuposa kukalipa. Akwera basi Lachinayi, afika pa Lizulu Loweruka. Kalata yawo ili m'envulopu momwemu, akuti itsogole ndi basi ya mawa. Sindinaiwerenge.

Mukanandiuza poyera pa kalata yoyamba ija, m'malo mwa nkhani ya wailesi.

Abednego


Bertrams
6 Seputembala 2011

Rozina,

Moni kwa adzukulu ndi kwa bambo awo. Ndikubwera Loweruka. Ukandidikire pamsewu ndi wilibala, mlongo wako wandisenzetsa mabulangete.

Nkhalamba ija ndaidziwa. Abedi wakulembera, ndiye sindichulutsa.

Agogo a Fikile ndawapepesa. Chizulu sindidziwa, iwo Chichewa sadziwa, ndiye ndinangochotsa sanza pabowo n'kuwasesera pakhomo. Anamva.

Abedi amafuna kufufuta zonse. Ndamuletsa. Ndi ntchito yoyamba imene mwanayu waigwira n'kutheka, ndipo makina ake sananame pena paliponse. Chimbale ndibwera nacho, chikakhala m'sutikesi. Usamunyozenso za wailesi.

Tsiku lija anthu atawomba m'manja, kuwombako ndinakuzindikira. Ndi kuja mumawomba kwathu ndikamaliza nyimbo, kofulumira, kokhala ngati mukuthokoza kuti basi yafika osagubuduka. Ndinakumbukanso mmene amayi a kwaya ankandilowerera ndisanamalize mzere. Ine ndinkati ndi changu cha Mzimu, ndinkawayamikira n'kuwayamikira. Gulu lonse la anthu akuluakulu, ena ndinawaphunzitsa ndekha kutsegula pakamwa, kumandisenza ngati mtembo woti sunauzidwe kuti wafa.

Cynthia sindikuti amaimba bwino. Amakuwa, ndipo mawu amawatafuna. Ulemunso alibe, zija akanatha kundiuza kuseri. Koma wakutsina khutu ndi mnansi. Pa Lizulu ponse, kuyambira kwa ansembe mpaka m'nyumba yanga, ndi mlendo yekhayo amene anandiona ngati munthu woti n'kuuzidwa zoona, ndipo ine ndamulipira ndi kuzungulira kuchigayo. Usapite kukandinenera kanthu. Pakhomo pake ndikadutsa ndekha, ndi miyendo yanga yotupayi.

Nyimbo aziyambitsa iye. Ine ndizikhala kumbuyo ndi ovomera, ndipo ndiziimba motsitsa. Zikundiwawa, Rozina, sindikubisira. Ndinkayesa kuti chimene ndidzasiye pomaliza ndi mawu, kuti maso ndi miyendo zidzatsogola. Sindinadziwe kuti anapita kale osanditsanzika.

Ndili ndi funso limodzi, ndipo usandiyankhe pa kalata, poti pa kalata ndiwe katswiri. Udzandiyankhe Loweruka ukundiyang'ana. Lamulungu lililonse tikamatuluka m'tchalitchi unkandigwira mkono n'kunena kuti, "Mwaimba bwino, mayi." Unkauza ine, kapena unkatonthoza nkhalamba ija?

Ndine mayi ako,
Consolata Nangozo